Chiwindi changa chinanona, alamu anabwera ndi botolo

Mwezi wa Marichi ndinapita kuchipatala ndi nkhani ina, m'mimba mopotokola momwe munandisowetsa tulo masiku atatu. Anandigoneka chagada, nkundipaka mafuta ozizira aja pamimba, kenako nkumayendetsa kachipangizo kojambulira, maso ali pa sikirini. Wojambulayo anakhala chete kanthawi, ndiye nkulankhula ngati akunena mtengo wa tomato: "Zina zonse zili bwinobwino bambo, kungoti chiwindi chanu chili ndi mafuta."

Ine ndinaseka. Paja kwathu kuno chinthu chikakhala ndi mafuta timati chanona, ndipo chonona palibe amene amadandaula nacho. Mbuzi yonona, nkhuku yonona, ngakhale pa mbewa timathamangira kapuku. Koma adokotala amene ndinawapatsira zotsatirazo sanaseke nawo. Anandikweza pa sikelo, yomwe inati makilogalamu 94, nkundiyeza m'chiuno ndi tepi ngati telala, kenako nkulemba mawu awiri achingerezi m'kabuku kanga ka kuchipatala: fatty liver.

Ndili ndi zaka 36. Ntchito yanga ndi ya pampando, kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kulowa, maso ali pa kompyuta. Masana ndinkadya chipisi cha pachiwaya ndi kabotolo kozizira, madzulo nsima ya ufa woyera mitanda itatu, ndipo tiyi wanga anali wa masupuni anayi a shuga. Kuchoka kunyumba kupita pa siteji, mtunda woti mwana wa sitandade 2 amayenda akuimba nyimbo, ine ndinkaimitsa kabaza. Ndikapita kumudzi azakhali ankandisisita pamimba nkumati, "Koma mwanawe ukudya bwino kutauniko." Ndipo ine ndinkamva kukoma, ndisaname.

Funso loyamba la adokotala linali la mowa. Ndinawauza zoona, kuti ndimalawako paukwati basi, ndipo anandifunsanso kachiwiri, mwina chifukwa ambiri timachepetsa nambala tikakhala m'chipinda chimenechi. Kenako anandituma kukayezetsa shuga, mafuta a m'magazi, kuthamanga kwa magazi, ndi kachilombo ka hepatitis B. Pa hepatitis B pamenepa ndimepo pang'ono, chifukwa kuno kwathu kachilomboka, pamodzi ndi mowa komanso chuku cha m'chimanga ndi mtedza zosasungidwa bwino, ndiye adani akuluakulu a chiwindi. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'Malawi muno mu 2002. Choncho ngati munabadwa chakacho chisanafike, monga ine, simunamulandire muli khanda. Munthu akakuuzani kuti chiwindi chanu chili ndi mafuta, musachoke osayezetsa kachilomboka. Ine anandipeza ndilibe. Mowa ayi, kachilombo ayi. Chinatsala ndi mimba yanga yomwe azakhali ankaiyamikira ija.

Chiwindi ndi chiwalo cholemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, chili kumanja kunsi kwa nthiti. Chimasefa magazi, chimapanga ndulu, chimasunga shuga woti thupi ligwiritse ntchito pakati pa chakudya ndi chakudya, ndipo mankhwala ambiri amene timamwa amadutsira momwemo. Mafuta pang'ono m'chiwindi ndi abwinobwino. Akapitirira magawo 5 pa 100, ndi pomwe amati chanona. Akatswiri amati padziko lonse, mwa akuluakulu atatu kapena anayi alionse, mmodzi ali ndi vutoli, ndipo ambiri sadziwa chifukwa silipweteka. Kwa zaka zambiri linkatchedwa NAFLD, koma mu 2023 mabungwe a madokotala a chiwindi anagwirizana dzina latsopano, MASLD, pofuna kuonetsa kuti gwero lake ndi momwe thupi likusokonezekera pogwiritsa ntchito shuga ndi mafuta. Nchifukwa chake limayenda limodzi ndi chimimba, matenda a shuga ndi BP. Onenepa okha ndiye ayi: alipo anthu ochepa thupi amene amapezeka nalo.

Kwa anthu ambiri mafutawo amangokhala phee, osachita zambiri. Kwa ena chiwindi chimayamba kutupa, maselo nkumafa, ndipo pomwe afera pamatsala zipsera. Zipsera zikachuluka kwa zaka zambiri chiwindi chimauma, chomwe madokotala amati cirrhosis, ndipo apa mpomwe pamabwera mimba yodzadza madzi, maso achikasu, kusanza magazi, nthawi zina khansa. Koma chomwe chinandidabwitsa nchakuti anthu ambiri a chiwindi chonona sikuti amafa ndi chiwindi. Amafa ndi mtima ndi sitiroko. Chiwindicho chimakhala ngati mlonda amene wayamba kuimba wenzulo m'nyumba musanalowe akuba.

Ndinalakwitsa chinthu chimodzi. Ndinaika nkhaniyi pa gulu la WhatsApp la banja.

Pasanathe ola limodzi alamu anga, akulu awo a mayi akunyumba, anali ataimba. Alamuwa ndi munthu wabwino, anatithandiza kwambiri paukwati wathu, ndipo amagulitsa mavitamini ndi tiyi wa zitsamba wochokera kunja. Sitetasi yawo ya WhatsApp sipuma: lero zithunzi za mayi amene anali chonchi nkukhala chonchi, mawa kabotolo kotsuka m'thupi. Loweruka anafika kunyumba ndi chikwama. "Alamu, musadandaule, zimenezi nzazing'ono. Iyi ndi vitamini E, ngakhale madokotala a ku America amapereka. Iyi ndi yotsuka chiwindi. Iyi ndi ya tiyi wobiriwira, imasungunula mafuta muli mtulo." Mtengo wa zitatuzo pamodzi unali pafupifupi theka la lendi yanga.

Mukudziwa momwe zimavutira kukana alamu ali pa mpando wa m'nyumba mwako, akumwa tiyi wako. Ndinagula botolo limodzi, la vitamini E, nkulonjeza kulipira kawiri. Koma ndisanalitsegule ndinati ndiyambe ndawerenga, popeza ma bandulo omwewa amene timathera pa TikTok amathanso kutsegula zolemba za madokotala.

Ndipo ndinapeza kuti alamu sananame kwenikweni. Anangonena theka la nkhani. Mu 2010 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza zotsatira za kafukufuku wa ku America wotchedwa PIVENS. Anatenga akuluakulu 247 nkuwagawa patatu: ena ankamwa vitamini E wokwana 800 IU tsiku lililonse, ena mankhwala a shuga otchedwa pioglitazone, ena mapiritsi opanda kanthu, kwa masabata 96. Mwa omwa vitamini E, 43 pa 100 alionse chiwindi chawo chinaoneka kuti chasintha bwino, pomwe mwa omwa mapiritsi opanda kanthu anali 19 pa 100. Imeneyo ndi nkhani yabwino, ndipo ndi yomwe ogulitsa amaikumbukira.

Theka lomwe limaiwalika ndi ili. Anthu 247 aja sanali anthu ngati ine, ongouzidwa pa sikani kuti muli mafuta. Onse anali atabayidwa singano m'chiwindi, kuchotsa kachidutswa nkukaunika, ndipo zinatsimikizika kuti chiwindi chawo nchotupa. Onse analibe matenda a shuga, ndipo analibe cirrhosis. Komanso vitaminiyo anachepetsa mafuta ndi kutupa, koma zipsera, zomwe ndi zoopsa kwambiri pa zonse, sizinasinthe mooneka. Ndipo werengani bwino nambala ija: oposa theka la omwa vitamini E kwa zaka pafupifupi ziwiri sanafike pomwe ofufuza ankafuna.

Ndiye pali nkhani ya mlingo. Thupi la munthu wamkulu limafuna mamiligalamu 15 a vitamini E patsiku, omwe timawapeza mu mtedza, mpendadzuwa, mapeyala ndi masamba obiriwira. Koma 800 IU ndi mamiligalamu oposa 500, kuwirikiza kopitirira 30. Pamenepo salinso chakudya, wasanduka mankhwala, ndipo mankhwala aliwonse ali ndi mbali yake ina. Kafukufuku wina wamkulu wotchedwa SELECT, wa amuna oposa 35,000, analengeza mu 2011 kuti omwe ankamwa vitamini E wa 400 IU patsiku anapezeka ndi khansa ya prostate mochulukirapo, ndi magawo 17 pa 100, poyerekeza ndi omwe ankamwa mapiritsi opanda kanthu. Ndi theka chabe la mlingo womwe unali pa botolo langa. Vitamini E wochuluka amapangitsanso magazi kuchedwa kuundana, zomwe ndi zoopsa kwa munthu amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, ndipo amawonjezerako pang'ono chiopsezo cha sitiroko yochucha magazi mu ubongo. Madokotala a chiwindi amaperekadi vitamini E, inde, koma kwa wodwala amene amusankha, atayeza phindu ndi chiopsezo, ndipo akumuyang'anira. Osati pa sofa, Loweruka, tiyi ali m'manja.

Mabotolo ena awiri aja nkhani yake ndi yaifupi. Wotsuka chiwindi uja nthawi zambiri amakhala ndi chitsamba chotchedwa milk thistle, chomwe chayesedwa kambirimbiri popanda umboni wogwira mtima woti chimachiza matendawa. Vitamini D nayenso anayesedwa, zotsatira zake sizinakhutiritse. Mafuta a nsomba a omega-3 amatsitsa mtundu wina wa mafuta a m'magazi koma sachotsa kutupa kapena zipsera. Koma cha tiyi wobiriwira chija chinandiopsa. Kumwa tiyi wobiriwira wa m'kapu kulibe vuto, koma makapisozi ake okhathamira ali m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimavulaza chiwindi mwa anthu ena, mpaka ena kugonekedwa m'chipatala. Makapisozi a turmeric nawonso apezeka ndi mlandu womwewu, ndipo vitamini A wochuluka ndi poizoni wa chiwindi wodziwika kuyambira kale. Tangoganizani: chiwalo chomwe chatopa kale, nkuchipatsanso ntchito yosefa zinthu zitatu zomwe sukuzidziwa, zochokera m'botolo lomwe palibe amene watsimikiza kuti zolembedwa kunja ndi zomwe zili mkati. Ndipo mawu oti "kutsuka chiwindi" pawokha ndi oseketsa, chifukwa chiwindi ndiye chimatsuka ifeyo.

Nditabwerera kwa adokotala ndi botolo langa m'thumba, anangoliyang'ana nkuliika pambali. Anatenga zaka zanga, manambala awiri a chiwindi otchedwa AST ndi ALT, ndi kuchuluka kwa tizigawo ta magazi tothandiza kuundana, nkuwerengera pa foni yawo. Kawerengedweka kamatchedwa FIB-4, ndipo kamathandiza kudziwa ngati munthu ali pa chiopsezo chachikulu cha zipsera. Ine ndinali pansi. "Bambo, inu mapiritsi simukufunika pakali pano," anatero. "Mankhwala anu ali kumiyendoku ndi m'mbale mwanu. Vuto lake ndi loti amenewa sindingakumwereni."

Ndinakhumudwa, kunena zoona. Munthu ukapita kuchipatala umafuna kutuluka ndi kapepala ka mankhwala. Kuuzidwa kuti uziyenda kumamveka ngati akukuthamangitsa mwaulemu. Koma umboni wa zimenezi ndi wamphamvu kuposa wa botolo lililonse. Munthu akatsitsa thupi ndi magawo 3 mpaka 5 pa 100, mafuta a m'chiwindi amachepa. Akafika pa 7 mpaka 10, kutupa kumayamba kuzilala, ndipo ngakhale zipsera zimatha kubwerera m'mbuyo. Ku Cuba, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2015 anatsatira anthu 293 a chiwindi chotupa kwa chaka chimodzi, nkuunika chiwindi chawo poyamba ndi pomaliza. Mwa omwe anatsika ndi magawo 10 pa 100 kapena kuposa, 90 pa 100 kutupa kunatheratu, ndipo 45 pa 100 zipsera zinachepa. Vitamini E uja zimenezi sanazikwanitse. Koma ofufuza omwewo anaonetsanso chowawa chake: mwa anthu khumi alionse, mmodzi yekha ndiye anafika pamenepo. Njira imagwira, kungoti ndi yokwera.

Chomwe chinandilimbitsa mtima nchakuti masewera olimbitsa thupi amachepetsa mafuta a m'chiwindi ngakhale sikelo isanasunthe. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Mafuta ambiri a m'chiwindi, oposa theka, amachokera ku mafuta omwe tasunga kale m'thupi, amene amatayikira m'magazi pamene thupi lasiya kumvera insulini. Pafupifupi kotala chiwindi chimawapanga chokha kuchokera ku shuga ndi zakudya za sitachi zomwe zatsala, ndipo ochepa okha ndi omwe amachokera mwachindunji ku mafuta a m'mbale. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi, thupi limayambanso kumvera insulini, ndipo katundu wopita kuchiwindi amachepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera a mphamvu yapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphamvu yapakatikati ndi pomwe ukutha kulankhula koma sungathe kuimba. Mphindi 150 ndi theka la ola, masiku asanu. Foni yanga inandiuza kuti ndimathera maola oposa anayi patsiku ndikuiyang'ana, ndiye bodza loti ndilibe nthawi linafera pomwepo.

Ndinayamba moipa, ngati amuna ambiri. Lamlungu loyamba ndinapita kukamenya mpira wa masoshozi ndi anyamata a m'dera lathu, nditavala jezi yomwe inkandikwana mu 2014. Patatha mphindi 12 ndinali pansi pa mtengo, ndikuona nyenyezi masana, ndipo bondo linandipweteka sabata yonse. Adokotala atamva anapukusa mutu nkuti munthu wa chimimba, BP yokwererako, amene wakhala pansi zaka khumi, sayamba ndi kuthamangitsa mpira. Ndipo anandichenjeza kuti ndikamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosadziwika bwino, ndisiye pomwepo nkubwera kudzaonedwa.

Ndiye ndinayamba ndi zonyozeka. Wa kabaza wanga wa masiku onse ndinamuuza kuti m'mawa asamandidikirenso, ndipo mpaka lero amandiyang'ana ngati ndinamubera. Madzulo ndimatsika minibasi masiteji awiri ndisanafike kwathu. Ife a ku Blantyre tili ndi mwayi umodzi womwe timautukwana tsiku lililonse: kulikonse komwe ungalowere pali chitunda. Masabata awiri oyamba ndinkapuma kawiri pa chitunda cha kwathu, ndikunamizira kuyankha foni kuti anthu asaone kuti ndatheratu. Pano ndimakwera osaima. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimanyamula zigubu ziwiri za malita asanu zodzadza madzi, kunjuta nkudzuka, kukankha pansi ndi manja, mphindi makumi awiri kuseri kwa nyumba. Jimu sindinalipireko ngakhale tambala. Aneba anafunsa mayi akunyumba ngati ntchito inatha, poti andiona ndikuyenda wapansi. Anthufe kuyenda timakuona ngati umphawi, ndipo mwina nchifukwa chake tikangopeza kandalama timayamba ndi kupumitsa miyendo.

Za m'mbale sindinachite zodabwitsa. Chachikulu chinali zakumwa. Botolo la theka la lita la zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi oposa khumi, ndipo theka la shuga ameneyu ndi mtundu wotchedwa fructose, womwe umathera kuchiwindi nkusandutsidwa mafuta. Ndinasiya. Tiyi ndinatsika kuchoka pa masupuni anayi kufika pa imodzi, pang'onopang'ono, ndikudandaula njira yonse. Nsima sindinasiye, ndine Mmalawi, koma mitanda itatu inakhala iwiri, ya mgaiwa, ndipo malo otsalawo analowa nyemba, usipa, bonongwe ndi nkhwani wotendera. Pa mtedza wotenderawo mayi akunyumba amasankha, wowola ndi wachuku kutaya, ndipo ndi momwemo momwe vitamini E wanga akuchokera tsopano. Mowa wa paukwati uja ndinausiyiratu, chifukwa chiwindi chonona ndi mowa zikakumana zimathandizana kuwononga. Khofi wopanda shuga adokotala anati palibe vuto, ndipo kafukufuku wambiri waona kuti omwa khofi amakhala ndi zipsera zochepa m'chiwindi, ngakhale zimenezo sizimupanga kukhala mankhwala.

Chimodzi chomwe anandiletsa mwamphamvu ndi kudzipha ndi njala. Kutsika mofulumira kwambiri, kwa tiyi wotsegula m'mimba kapena kukhala masiku osadya, kumatha kuwonjezera kutupa kwa chiwindi ndi kuyambitsa miyala mu ndulu. Theka la kilogalamu pa sabata, ikachuluka imodzi, nzokwanira.

Wina afunsa kuti kodi mankhwala enieni kulibe? Ayamba kubwera. Mu Marichi 2024 bungwe la FDA ku America linavomereza resmetirom, mankhwala oyamba opangidwira matendawa, koma ndi a anthu amene chiwindi chawo chili kale ndi zipsera zambiri, ndi odula koopsa, ndipo ngakhale iwowo amalembedwa kuti azimwedwa pamodzi ndi kusintha kadyedwe ndi masewera. Kwa amene ali ndi shuga, BP kapena mafuta ambiri m'magazi, kumwa mokhulupirika mankhwala a matenda amenewo ndi mbali ya kusamala chiwindi. Ndipo amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB, musaike kapisozi aliyense pamwamba pake musanafunse kuchipatala komwe mumalandirira, ndiponso musasiye mankhwala anu chifukwa sikani yaonetsa mafuta.

Mu Seputembala ndinabwereranso. Sikelo inati 89. Makilogalamu asanu m'miyezi isanu ndi umodzi, ongopitirira pang'ono magawo 5 pa 100. ALT yomwe inali itakwera inatsika, lamba ndaboola bowo latsopano ndi msomali, ndipo mayi akunyumba akuti nkonono zachepa, ngakhale pamenepa ndilibe umboni wanga. Adokotala anati ndi chiyambi chabwino koma ndisaimbe nthungululu: kuti ndifike pa 7 mpaka 10 paja, pakufunika makilogalamu ena awiri kapena anayi, ndipo chovuta kwambiri si kutsika, koma kusabwereranso. Mwezi wa Juni, kukuzizira, ndinajomba masabata awiri athunthu, ndipo sikelo inandiuza mosabisa.

Azakhali atandiona pamaliro mwezi watha anandikokera pambali nkundifunsa motsitsa mawu ngati ndikudwala, kapena ngati kunyumba kuli mtendere. Ndinayesa kufotokoza za chiwindi, iwo nkumangogwedeza mutu mwachisoni, kenako anandipakulira nsima mitanda inayi.

Alamu ndinawalipira ndalama yawo yonse, kawiri monga tinapanganirana, chifukwa mtendere wa m'banja nawonso uli ndi mtengo wake. Ndinawauza mwaulemu zomwe adokotala ananena, makamaka za makapisozi a tiyi wobiriwira, ndipo ndinawapempha kuti makasitomala awo a shuga ndi a ma ARV aziyamba awatumiza kuchipatala. Anati amva. Sabata yatha anaika chithunzi changa chatsopano pa sitetasi yawo, pambali pa chakale cha paukwati wa msuweni wathu, nkulemba pansi pake kuti zotsatira zimayankhula zokha. Botolo lija likadali pamwamba pa kabati, chidindo chake chosamatula.